MWANA WAPEMPHA CIPANGIZO COWERENGERA MABUKU: KODI MUGULE CITI?

Wolemba Mtolankhani Wathu

KITWE — Kuyambira pamene migodi ya Roan Antelope ku Luanshya ndi Nkana kuno ku Kitwe inayamba kutulutsa mkuwa m'zaka za 1931 ndi 1932, mseu wocokera ku Migodi kunka ku cigawo ca Kum'mawa wakhala njira ya katundu wacilendo. Amuna a ku Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi pobwerera kwao anali kunyamula mabulangete, njinga ndi makina osokera. M'caka ca 1949 kunabwera wailesi yochipa ija imene anaicha Saucepan Special cifukwa ca maonekedwe ace onga poto wophikira, ndipo mtengo wace unali mapaundi 5. Amene anali nayo sanali kugona msanga, pakuti mudzi wonse unali kusonkhana pakhomo pace kumvera mau ocokera ku Lusaka.

Lero katundu wacilendo ali m'manja mwa ana athu. Mnyamata amene ali pa Copperbelt University, kapena mtsikana amene akuphunzira za unamwino ku Ndola, atumiza mau kumudzi kuti mabuku a pepala ndi okwera mtengo ndi osowa, motero afuna ndalama zogulira cipangizo cowerengera. Nayenso malume amene agwira nchito ku Mufulira kapena ku Chingola afuna kutumizira adzukulu ace mphatso yowathandiza pa sukulu. Ndalama zimenezi sizitoledwa pansi. Kwa mlimi ndi matumba a cimanga, nsawawa kapena soya amene banja lonse linakhetsera thukuta, ndipo likalakwitsa pogula liyenera kudikira mpaka kukolola kwina.

Mtolankhani wathu anayendera msika wa Chisokone ku Kitwe, msika wa Masala ku Ndola ndi masitolo a m'kati mwa mizinda iwiriyi, imene italikirana makilomita pafupifupi 60. Anapeza kuti zipangizo zimene anthu amazisokoneza ndi ziwiri. Coyamba ndi tabuleti, imene iri paliponse pamene agulitsa mafoni. Caciwiri ndi cimene m'Cingerezi amati e-reader, ndiko kuti cipangizo cowerengera mabuku okhaokha, ndipo ici ndi cosowa m'masitolo, kotero ambiri amene ali naco anacita kuitanitsa kunja kapena kutumiziridwa ndi abale. Kuziona patali zifanana ngati mapasa, pakuti zonse ndi zopyapyala ngati sileti la ana a sukulu akale. Koma nchito zace ndi zosiyana, ndipo safunsa anadya phula.

ZIPANGIZO ZIWIRI, NCHITO ZIWIRI

Tabuleti ndi foni yaikulu. Galasi lace limawala lokha, lionetsa mitundu yonse, ndipo munthu angathe kuonerapo kanema, kujambula zithunzi, kulemba kalata, kulowa pa WhatsApp ndi pa Facebook, komanso kuwerenga mabuku. Inafala kwambiri kucokera m'caka ca 2010 pamene kampani ya Apple ya ku America inatulutsa iPad. Zambiri zimene zipezeka m'misika yathu ndi za mtundu wa Android, ndipo zina ziri ndi malo oikamo SIM khadi monga foni.

E-reader inapangidwira nchito imodzi yokha. Yodziwika kwambiri ndi Kindle, imene kampani ya Amazon inayamba kugulitsa mu Novembala 2007, ndipo ina ndi Kobo, imene inayambira ku Canada. Cinsinsi cace ciri pa galasi. M'kati mwace muli timatumba tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo m'kathumba kali konse muli tinthu takuda ndi toyera. Munthu akatembenuza tsamba, mphamvu ya magetsi ikankhira takuda pamwamba pamene payenera kukhala cilembo, toyera pamene payenera kukhala poyera. Zikatero tinthuto tikhala pomwepo osafunanso mphamvu ina mpaka tsamba litatembenuzidwanso. Nzeru imeneyi, yochedwa E Ink, inacokera ku sukulu ya ukacenjede ya MIT ku America, ndipo kampani yace inakhazikitsidwa m'caka ca 1997.

Cifukwa ca kapangidwe kameneka, tsamba la e-reader lioneka monga pepala losindikizidwa, ndipo batire lace licedwa kutha. Koma pa cifukwa comweco cipangizoci ndi cocedwa pocita zina zonse. Kanema sioneka bwino, ndipo zithunzi zioneka zakuda ndi zoyera basi. M'caka ca 2024 makampani a Kobo ndi Amazon anatulutsa zina zoonetsa mitundu, koma mitundu yace ndi yofooka ndipo mtengo wace ndi wokwera.

NKHANI YA MAGETSI

Funso loyamba limene kholo liyenera kudzifunsa ndi lakuti, kodi cipangizoci cidzachajidwa kuti? Anthu a ku Migodi sanaiwale zimene zinacitika m'caka ca 2024. Mvula inakana, ndipo pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko Bambo Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anatsika m'damu la Kariba mpaka makina amodzi okha mwa 6 a ku mbali ya Zambia ndiwo anatsala akugwira nchito. Bungwe la ZESCO linayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku m'mwezi wa Marichi, ndipo pofika Seputembala nyumba zambiri zinali kuona magetsi maola atatu okha pa tsiku, kawirikawiri pakati pa usiku.

Ngati zinatero m'makomboni a Chimwemwe, Wusakile, Chifubu ndi Lubuto, kumene kuli mawaya, nanga bwanji kumudzi kumene mawaya sanafike, kumene kuchaja foni ndi ulendo wopita ku golosale ya pamsika ndi kulipira ndalama?

Tabuleti yabwino imatha maola pafupifupi 10 ikugwira nchito, ndipo zochipa zambiri sizifika pamenepo. Ngakhale iri cigonere m'thumba, batire lace limatsikabe, pakuti mapulogalamu a m'kati mwace sagona. Opanga Kindle yaing'ono amati batire lace limatha milungu 6. Komabe owerenga athu adziwe kuti milungu imeneyi anaiwerengera munthu wowerenga theka la ola lokha pa tsiku, ndiko kuti maola 21 onse pamodzi. Mwana wokonzekera mayeso, amene awerenga maola atatu tsiku liri lonse, adzachaja kamodzi pa mlungu. Ngakhale ziri tero kusiyana kwace ndi kwakukulu, pakuti tabuleti ikanafuna kuchajidwa kawiri kapena katatu m'masiku omwewo. Ndiponso batire la e-reader ndi laling'ono, kotero kuti kanyale ka sola kamene kali ndi pobayira waya wa foni kangathe kulidzaza mosavuta. Pa nkhani ya magetsi, e-reader yapambana.

MASO, DZUWA NDI TULO

Kumudzi anthu sawerengera m'nyumba masana. Awerengera pansi pa mtengo wa mango, pakhonde, kapena kudimba poyang'anira mbeu. Padzuwa galasi la tabuleti licita mdima ndi kunyezimira, ndipo wowerenga aona nkhope yace m'malo mwa mau. Akaonjezera kuwala kuti aone bwino, batire litha msanga. E-reader ikonda dzuwa monga momwe licitira pepala: kukawala kwambiri, mau aoneka bwino kwambiri. Usiku zambiri za masiku ano ziri ndi kuwala kwace kofatsa kumene kuunikira tsamba kucokera m'mbali, motero mwana angathe kuwerenga popanda kandulo kapena koloboyi.

Pali phindu lina limene liri pa zipangizo zonse ziwiri, ndilo lakuti zilembo zingathe kukulitsidwa. Agogo amene analeka kuwerenga Baibulo cifukwa maso anayamba kucita nkhungu angathe kukulitsa mau mpaka atawaona bwino.

Za tulo nazonso ziyenera kuganiziridwa. Kumapeto kwa caka ca 2014 akatswiri a pa cipatala ca Brigham and Women's Hospital mumzinda wa Boston ku America anafalitsa zimene anapeza atayesa anthu 12. Anthuwo anawerenga pa iPad maola 4 asanagone kwa masiku 5 otsatizana, ndipo masiku ena 5 anawerenga mabuku a pepala. Pa masiku a iPad anali kucedwa kugona ndi mphindi pafupifupi 10, ndipo m'mawa anali kudzuka ndi tulo m'maso. Anthu 12 ndi owerengeka, ndipo maola 4 ndi ambiri, koma phunziro lace ndi lomveka: mwana amene adzuka mbandakuca kupita ku sukulu yakutali asamagone ndi galasi lowala kumaso.

KODI MABUKU ACE ALI KUTI?

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Cipangizo cibwera copanda kanthu, monga nkhokwe yatsopano. Kindle ya magigabaiti 16 ingathe kusunga mabuku zikwi zingapo, koma wina ayenera kuwaikamo. Ma e-reader ambiri a masiku ano alibe malo a SIM khadi. Afuna Wi-Fi, kapena waya wolumikiza ku kompyuta. Wokhala ku Kitwe kapena ku Ndola angapeze Wi-Fi pa koleji kapena ku nchito. Wa kumudzi ayenera kubwereka intaneti ya pa foni ya munthu wina, kapena kudikira wacibale wa m'tauni kuti adzaze mabuku asanatumize cipangizoco.

Kugula buku m'sitolo ya Amazon ya pa intaneti kufuna khadi la ku banki la mtundu wa Visa kapena Mastercard, ndipo mtengo uli m'madola a ku America. Kwacha ikatsika mphamvu, buku lomwelo likwera mtengo. Ndiponso buku logulidwa motero sindilo lako monga liri buku la pepala, limene ungabwereke mnzako, kugulitsa kapena kusiyira mdzukulu. Cimene wagula ndi cilolezo ca kuliwerenga. M'caka ca 2009 kampani ya Amazon inafafaniza buku la George Orwell lochedwa 1984 m'zipangizo za anthu amene anali atagula kale, itapeza kuti amene analigulitsa analibe cilolezo. Inabweza ndalama ndi kupepesa, koma anthu anaphunzirapo kanthu.

Mabuku aulere alipo. Nkhokwe ya Project Gutenberg, imene inayamba m'caka ca 1971, iri ndi mabuku akale oposa 70,000, ambiri a m'Cingerezi, ndipo awerengeka bwino pa e-reader. Mwana wofuna kunola Cingerezi cace sangawamalize moyo wace wonse.

Koma mwana wa sukulu afuna zina. Afuna manotsi a aphunzitsi, mapepala a mayeso akale a Examinations Council of Zambia, mapu, ndi zithunzi za sayansi. Zimenezi ziyenda pa WhatsApp m'maonekedwe ochedwa PDF, amene ali ngati cithunzi ca tsamba lathunthu la pepala. Tsamba lotero ndi lalitali masentimita pafupifupi 30, pamene galasi la e-reader wamba ndi masentimita 15 okha kucokera pa ngodya kufika pa ngodya inzace. Mau acepa ngati nyerere, ndipo kuwakulitsa ndi kusuntha tsamba ndi nchito yotopetsa pa cipangizo cocedwa. Tabuleti ya mainchesi 10 ionetsa tsamba lonse bwinobwino, ndi mitundu yace yomwe. Wophunzira za migodi, za zomangamanga kapena za udokotala, monga a pa sukulu ya Michael Chilufya Sata School of Medicine ku Ndola, amene ayenera kusiyanitsa mitsempha yofiira ndi yobiriwira pa cithunzi, sangathandizidwe ndi galasi lakuda ndi loyera. Pa nkhani ya mabuku a sukulu, tabuleti yapambana.

NANGA CINYANJA?

Mabanja a kwathu amene akhala ku Migodi ali ndi nkhawa yao yapadera. M'masukulu a cigawo cino cinenero ca muno cimene ciphunzitsidwa ndi Cibemba, ndipo ndico cimene ana alankhula poseweza ndi pamsika. Palibe coipa pamenepo, pakuti Zambia ndi mmodzi. Koma kholo limva cisoni mwana akapita kumudzi pa chuthi nalephera kuwerengera agogo ace kalata. Ambiri aganiza kuti cipangizo cidzathetsa vutoli.

Coonadi ndi cakuti mabuku a Cinyanja a pa zipangizozi ndi ocepa. M'masitolo aakulu a pa intaneti mwadzaza Cingerezi. Mabuku amene makolo a lero anawerenga pa sukulu, olembedwa ndi anthu onga Samuel Ntara ndi John Gwengwe, ndi amene anasindikizidwa ndi NECZAM muno m'Zambia, sapezeka wamba m'masitolo amenewo. Zimene zipezeka mosavuta ndi Baibulo, monga Buku Lopatulika, kudzera m'mapulogalamu a pa foni, ndi tinkhani ta ana ta African Storybook, nchito ya bungwe la Saide la ku South Africa, limene lipereka kwaulere nthano za zithunzi m'zinenero zambiri za mu Africa, ndi Cinyanja comwe. Mapulogalamu amenewa alowa pa tabuleti ndi pa foni, koma salowa pa Kindle. Ndipo nthano ya ana yopanda mitundu iri ngati ndiwo zopanda mcere. Motero banja limene colinga cace ndi kuphunzitsa ana ang'onoang'ono kuwerenga Cinyanja lidzapeza zambiri pa tabuleti.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Ubwino wa tabuleti ndiwonso ngozi yace. Cipangizo cimene cionetsa mapu a Africa ndi comweco cimene cionetsa mpira, magule, masewera ndi njuga. Mwana atsegula buku, uthenga ulowa, ndipo ola litha asanamalize tsamba limodzi. Kholo likasuzumira liona mwana ali cete maso ali pagalasi, nilikondwa kuti akuwerenga. Zotsatira za mayeso ndizo zidzaulula.

Palinso ndalama za bandulo. Buku la mau okhaokha nthawi zambiri silipitirira mamegabaiti awiri kapena atatu, pamene kanema wa ola limodzi adya mamegabaiti mazanamazana. Tabuleti igulidwa tsiku limodzi, koma ipempha cakudya mlungu uli wonse, ndipo pakutha pa caka ndalama za bandulo zingathe kufika pa mtengo wa cipangizo cimene. E-reader ikadzazidwa mabuku kamodzi siipemphanso kanthu, ndipo mwana akaitsegula palibe cina cocita koma kuwerenga. Ngakhale akuba saikhumbira kwambiri, pakuti msika wace ndi wocepa.

Kholo limene lasankha tabuleti lisagwe mphwayi. Matabuleti a Android ali ndi njira yotsekera mapulogalamu ena ndi kuika malire a maola, ndipo wogulitsa kapena mphunzitsi angathe kusonyeza m'mene zicitikira. Njira ina yapafupi ndi kusaikamo SIM khadi: mabuku ndi manotsi aikidwe m'kati, ndipo cipangizo cikhale copanda intaneti masiku a sukulu. Lamulo la pakhomo lakuti tabuleti igone m'cipinda ca makolo lithandiza koposa makiyi onse.

ZIMENE ENA ANAYESA

Funso limeneli silinayambe ndi ife. M'caka ca 2010 bungwe la Worldreader linayamba kupereka ma Kindle odzaza ndi mabuku kwa ana a sukulu ku Ghana, ndipo pambuyo pace linafika ku Kenya ndi maiko ena. Linasankha e-reader cifukwa ca batire ndi dzuwa, zifukwa zomwe tazichula kale. Limodzi la mavuto amene linakumana nao poyamba linali kusweka kwa magalasi m'manja mwa ana.

Muno m'Zambia kampani ya iSchool inatsata njira ina. Inapanga tabuleti yochedwa ZEduPad, imene inabwera ndi maphunziro a pulaimale oikidwiratu m'kati, a zithunzi ndi mau olankhulidwa, m'Cingerezi ndi m'zinenero za muno kuphatikizapo Cinyanja. Inasankha tabuleti cifukwa mwana wosadziwa kuwerenga afuna kumva ndi kuona. Njira ziwirizi zisonyeza kuti cipangizo cisankhidwa poyang'ana msinkhu wa mwana ndi nchito imene akuifuna.

M'caka ca 2014 bungwe la UNESCO linafalitsa zimene linapeza litafunsa anthu oposa 4,000 m'maiko 7, ndiwo Ethiopia, Ghana, India, Kenya, Nigeria, Pakistan ndi Zimbabwe. Linapeza kuti anthu ambiri anali kuwerenga nkhani ndi mabuku pa mafoni ao ang'onoang'ono, ndipo ena anali kuwerengera ana ao. Ici ndi cikumbutso kwa banja losauka: ngati pakhomo pali kale foni ya galasi lalikulu, yambani ndi imeneyo. Ikanipo Baibulo ndi nthano zaulere, ndipo muone kwa mwezi umodzi ngati mwana awerengadi. Amene sawerenga pa foni kapena pa pepala sadzasanduka wowerenga cifukwa ca cipangizo catsopano.

POGULA CENJERANI

Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. M'misika muli matabuleti onyezimira a maina osadziwika, amene pa bokosi alembedwa zazikulu koma m'kati muli zazing'ono. Ena ndi akale kwambiri kotero kuti mapulogalamu a masiku ano akana kulowamo. Wogula apite ndi munthu wodziwa, ayatse cipangizo pomwepo, aone kukula kwa malo osungira zinthu m'kati mwa cipangizo mwenimwenimo osati pa bokosi, ayese kuchaja, ndipo akhudze mbali zonse za galasi. Bungwe la ZICTA ndilo livomereza zipangizo za mauthenga zolowa m'dziko muno, ndipo bungwe la Competition and Consumer Protection Commission lilandira madandaulo a ogula amene anyengedwa. Koma dandaulo lopanda lisiti liri ngati mlandu wopanda mboni. Pemphani lisiti lolembedwa dzina la sitolo, tsiku ndi nambala ya cipangizo, ndipo funsani kuti cikaonongeka m'miyezi yoyamba adzakonza ndani.

Wogula cogwiritsidwapo kale nchito aonetsetse kuti mwini wace wakale anacotsamo dzina lace. Tabuleti yokhomedwa ndi dzina la munthu wina ingathe kukana kutseguka, ndipo Kindle imene mwini wace anakanena kuti inabedwa siilola kulembetsedwanso.

Za mtengo, m'caka ca 2024 Kindle yaing'ono inali kugulitsidwa madola 110 ku America, ndipo ya Paperwhite, imene siopa madzi, madola 160. Pofika kuno paonjezeka ndalama zonyamulira, msonkho ndi phindu la wogulitsa, motero si zacilendo kupeza kuti e-reader ikwera mtengo kuposa tabuleti wamba ya Android. Kukonza nakonso kusiyana. Ku Chisokone ndi ku Masala kuli anyamata ambiri odziwa kusintha galasi la foni ndi la tabuleti, koma galasi la e-reader likasweka, lina licita kuitanitsidwa kunja, ndipo kawirikawiri cipangizo cimathera pomwepo. Ciri conse cimene mwagula, gulani ndi cikuto cace colimba tsiku lomwelo, ndipo cisasiyidwe pa mphasa pamene pakhala anthu.

TSONO TIGULE CITI?

Wophunzira wa ku koleji kapena ku yunivesite, amene alandira manotsi a PDF, alemba nchito za m'kalasi ndi kumvera maphunziro pa intaneti, agulidwe tabuleti ya galasi lalikulu, ngati ndalama za kompyuta ya m'manja sizikwana. Ndi bwino kuonjezerapo kabatire konyamula m'thumba kosungira magetsi.

Mwana wa sekondale wokhala kumudzi kopanda magetsi, amene akonda kuwerenga ndipo afuna kukulitsa Cingerezi, adzapindula ndi e-reader, pokhapokha ngati wacibale wa m'tauni aidzaza mabuku asanaitumize ndi kuonjezera ena pa chuthi ciri conse. Cimodzimodzi mphunzitsi, mlaliki kapena munthu wopuma pa nchito amene awerenga maola ambiri mabuku a mau okhaokha.

Ana a pulaimale afuna zithunzi, mitundu ndi mau omveka, motero tabuleti ndiyo iwayenera, koma ikhale ya banja lonse, m'manja mwa kholo, ndipo wamkulu akhale pambali powerenga.

Banja limene liri ndi ndalama za cinthu cimodzi cokha, ndipo pakhomo palibe nyale yabwino, liyambe lagula nyale ya sola. Kucokera mu Januwale 2022 Boma linacotsa malipiro m'masukulu ace kuyambira ku mkaka mpaka ku sekondale, ndipo ndalama zimene kholo lapulumutsa pamenepo zingathe kugula nyale ndi mabuku angapo a pepala, amene adzawerengedwa ndi mwana woyamba mpaka wotsiriza.

Tisaiwalenso nyumba zowerengeramo mabuku. Makhonsolo a Kitwe ndi Ndola ali ndi malaibulale ao. Ku Mindolo Ecumenical Foundation, kumene kunakhazikitsidwa m'caka ca 1958, kuli laibulale ya cikumbutso ca Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations amene anafa pa ngozi ya ndeke pafupi ndi Ndola mu Seputembala 1961. Ku Chipata kuli laibulale ya cigawo ya Zambia Library Service, nthambi ya Boma imene inayamba m'caka ca 1962. Buku la kumeneko silifuna batire kapena bandulo.

Mau otsiriza apite kwa aphunzitsi, alembi ndi osindikiza mabuku a kwathu. Wailesi ya 1949 ija inakondedwa m'midzi cifukwa inali kulankhula zinenero za eni ace, ndipo m'zaka zotsatira anthu anali kuthamangira kunyumba kukamvera nthano za Julius Chongo pa pulogalamu ya Poceza m'Madzulo. Zipangizo za lero zafika kale m'masitolo a Kitwe ndi Ndola, ndipo zikukwera mabasi a ku Chipata. Ngati mabuku a Cinyanja akale saikidwamo ndi atsopano salembedwa, mdzukulu adzalandira mphatso yace, nadzaitsegula pamaso pa agogo ace, koma sadzapezamo kanthu kowawerengera.